Khansa Yagona

"Nenani kuti yafa, adokotala," anatero mayi, atagogoda patebulo. "Mwana wangayu wasanza miyezi isanu ndi itatu, tsitsi lonse kuthothoka. Khansa ya m'magaziyo yafa kapena ayi?"

"Sikuonekanso m'magazi, koma tizimuyezabe."

"Onjezani pang'ono, inu."

Dokotala anamwetulira. "Tinene kuti yagona, mayi. Mawu anga athera pamenepo."

Mayiwo, amene pamsika ankanenerera mpaka wogulitsa kutopa, anayang'ana mtsikana wawo akukanda timatsitsi tongomera kumene pansi pa chipewa. Sanalimbikirenso.

Atatulukira pakhonde, amuna awo amene ankadikira pamenepo anamva nkhaniyo n'kufuula mokondwa. Mayi anawatseka pakamwa ndi chikhatho.

"Tsitsani mawu, bambo ake," ananong'ona, misozi ili mbwembwembwe. "Mungaidzutse."