Utuchi mu giyabokosi ya a Tobias

Panali munthu wina ku Chinamwali, dzina lake a Tobias Namakhwa. Amene akuwadziwa akuti nkhaniyi ndi yoona. Bambowa anali ndi galimoto yakale yokwera mapiri, ija ya giya yaikulu ndi ina yaing'ono pambali, ndipo ankatuta matabwa a paini kuchokera pa phiri la Zomba. Akazi awo, mayi Mavis, ankagulitsa zipatso m'mbali mwa msewu kuphiri komweko, ndipo potsika ankakwera nawo kutsogolo.

Galimoto ija inayamba matenda. Potsika phiri, giya yachiwiri inkalira kenako n'kudumphira yokha mu fili, galimoto n'kumangoyenda yopanda giya. Aliyense woyendetsa kumeneko amadziwa kuti chimene chimagwira galimoto yolemedwa pamtsetse uja ndi giya, mabuleki amangothandizira.

A Tobias anapita nayo kwa a Saiti, makaniko wa m'dera lawo. A Saiti anaiyendetsa pang'ono, anayesa kilatchi n'kupeza ili bwino, kenako anakhetsa oyilo wa mu giyabokosi. Oyiloyo anali ndi tizitsulo tonyezimira.

"Achimwene, mukuona izi? Muli kachitsulo konga foloko kamene kamagwira giya kuti isatuluke. Kadyeka. Tiyenera kutsitsa giyabokosi yonse. Pakadali pano musatsike nayo phiri ili ndi katundu."

"Nanga mvula ikuyamba iyi, matabwa anga awolere kuthengo?"

"Matabwa muchekanso ena. Ine ndanena."

A Tobias anachoka akung'ung'udza kuti amakaniko onse amakonda kukuza nkhani. Anali munthu wabwino ndithu, koma makutu awo ankangomva zimene mtima wawo wafuna.

Kumalo ochekera matabwa anakumana ndi mlendo wina wovala ovolosi yoyera bwino, yopanda ngakhale dontho la oyilo. Anati wagwirapo ntchito m'magalaja a ku Tete. A Tobias anamufotokozera zimene a Saiti ananena.

"Kutsitsa giyabokosi? Bwana, akukunamizani. Mankhwala ake mukuwaponda ndi mapazi anuwa."

Anatapa utuchi wosalala, n'kuusakaniza ndi oyilo wolimba, n'kuthira mu giyabokosi. Kenako anadula mphira ya chubu, naonetsa a Tobias mmene angamangire ndodo ya giya kumpando potsika. Analiza injini. Phokoso lonse lija linali zii.

A Tobias anasangalala ngati mwana. Podutsa pa galaja ya a Saiti ankaliza hutala mwadala.

Mayi Mavis okha ndi amene sanasangalale.

"Bambo a Rejoice, wodwala akasiya kubuula ndiye kuti wachira? Ine galimoto imeneyi sindikweranso mpaka a Saiti aitsegule."

Anayambadi kutsika wapansi ndi azimayi anzawo, dengu lili pamutu. Izi zinawapweteka a Tobias kuposa matenda a galimoto. Anzawo ocheka matabwa ankawaseka kuti ngakhale mkazi wawo akuopa chikwakwalala chawocho.

Tsiku lina mvula inagwa masana. A Tobias akutsika ndi matabwa odzaza mpaka pamwamba, anapeza akazi awo m'mbali mwa msewu atanyoweratu, ali ndi anzawo. Anaimitsa.

"Kwera, Mavis."

"Pitani, ndifika."

"Ukufuna undichititse manyazi pamaso pa anthu onsewa? Mkazi wa mwini galimoto azinyowa ngati alibe mwamuna? Kwera!"

Mayi Mavis anayang'ana anzawo aja, amene anali atangowerama. Sanafune kunyozetsa amuna awo pagulu, choncho anakwera.

Atafika potsetsereka kwambiri, m'kati mwa giyabokosi munamveka kuti khwa! Ndodo ya giya inali pamalo pake, yomangidwa bwinobwino ndi mphira, koma m'kati foloko ija inali itathyoka. Galimoto inayamba kuthamanga yokha. A Tobias anaponda buleki, anapondanso, mpaka fungo la kupserera linadzaza. Anafuna kulowetsa giya yoyamba, koma mphira ija inali itagwira ndodo zolimba. Anagwira giya yaing'ono, inangokukuta osalowa.

"Mayo ine! Ana anga!" anakuwa mayi Mavis.

Pakona, galimoto inasiya msewu n'kukawomba mtengo wa paini. Matabwa onse anaserereka kutsogolo, n'kuboola kumbuyo kwa mpando umene anakhala mayiwo.

A Tobias anatuluka ndi bala lapamphumi lokha. Mayi Mavis anapulumuka, koma madokotala anati msana wathyoka ndipo sadzayendanso. Mlendo wa ovolosi yoyera uja palibe anamuonanso, ndipo dzina lake palibe ankalidziwa.

Atatuluka m'chipatala, alongo awo a mayi Mavis anabwera kudzawatenga, kupita nawo kumudzi kwawo ku Mayaka pamodzi ndi ana. A Tobias anawatsatira, anagwada pakhomo, akulira pamaso pa apongozi awo.

"Mavis, ndikhululukire. Tiye kwathu. Ndizikusambitsa ndekha, ndizikunyamula ndekha."

Mayiwo anali atagona pamphasa, nkhope atalozetsa kukhoma.

"Sindinakukwiyireni, bambo a Rejoice. Koma mukamayankhula, ine ndikumva matabwa aja akubwera kumsana kwanga. Pitani."

A Tobias anabwerera okha ku Chinamwali. Amatumiza chimanga ndi sopo ku Mayaka, ndipo zimalandiridwa, koma mpaka lero sanaitanidwe.

Phunziro: Galimoto ikasiya kulira chifukwa mwaitseka pakamwa, vuto likadali momwemo. Makaniko amene mumamudziwa akati imani, imani, musamvere munthu wongodutsa amene mawa simudzamupeza. Ndipo mnzanu akakana kukwera chifukwa cha mantha, musamukakamize pofuna kuteteza ulemu wanu. Tumizirani madalaivala ndi abale anu onse uthengawu asanatsike phiri lina.