Malangizo a Mbuzi ya Nangondo

Chikhazikitsireni lamulo lakuti mwana aziphunzitsidwa ndi boma lokha, Nangondo ankalankhula ndi mbuzi. Mwana wake Mwatitha ankavala mkanda wa kusukulu m'khosi, ndipo mkandawo unkamva zonse. Kholo likangoti "usamatero," mkanda unkayaka, mawa lake galimoto ya boma n'kufika pakhomo. Bambo ake a Mwatitha anatengedwa choncho, atangomuuza mwanayo kuti aphunzitsi nawonso amalakwitsa.

Koma lamulolo silinanenepo za ziweto. Tsono Nangondo ankamangirira mbuzi pafupi ndi mtondo n'kumailangiza mokweza, mwana ali pomwepo.

"Iwe mbuzi, chinangwa chowawa amayamba aviika, sadya chachiwisi. Ukaswa mbale ya eni, uzipita wekha kukapepesa. Ndipo munthu akakuuza chinthu, uzimufunsa kuti wadziwa bwanji."

Mbuzi inkangobzikula.

Tsiku lina Mwatitha atachokera kusukulu anakhala pakhonde osavula yunifolomu, nkhope ili pansi.

"Amayi, kodi ndinakulakwirani chiyani? Mbuzi mumacheza nayo tsiku lonse, koma ine mumangondipatsa chakudya ngati mlendo."

Nangondo anatsegula pakamwa. Mkanda uja unayamba kuphethira, kudikira mawu ake, pakuti kumufotokozera mwanayo kukanakhalanso kumuphunzitsa. Anatembenukira kumtondo.

"Iwe mbuzi," anatero, "zonse ndimakuuzazi si zako ayi. Mwini wake alipo."

Atacheuka anapeza pakhonde palibe munthu. Mwana anali atalowa m'nyumba pamene anangomva kuti "iwe mbuzi."