Maina Ofiira

"Tsegula msanga, mwana iwe!" anatero bambo, ataimirira kumbuyo kwa mwana wawo wamkazi.

Kufakitale komwe bambowo ankagwira ntchito anali atalengeza kuti mndandanda wa antchito auika pa intaneti. Kompyuta yawo yokalambayo inkangokomoka ndi mapulogalamu akuluakulu otsegulira masamba, n'chifukwa chake mtsikanayo anatha miyezi itatu akupanga kapulogalamu kakekake kopepuka: kawindo kamodzi, mabatani atatu, basi. Zoonetsa zithunzi ndi mitundu ya malemba ankati adzaziika m'tsogolo.

Tsamba linatseguka. Pamwamba analembapo kuti: "Amene maina awo ndi ofiira, ntchito yatha."

Bambo anatsitsa chala pagalasi pang'onopang'ono, kufunafuna dzina lawo. Chalacho chinaima.

"Nali langa! Lakuda bii! Amake mwana, tapulumuka!"

Kukhitchini mayi anakuwa ndi chimwemwe mpaka mbale kugwa.

Mtsikanayo anayang'ananso mndandandawo. Maina onse mazana awiri anali akuda. Mwakachetechete anatsegula malemba akuseri kwa tsambalo, nafufuza dzina la bambo ake. Pambali pake panali lamulo loti lifiire.

Bambo anamugwira paphewa, misozi ikulengeza m'maso.

"Kapulogalamu kako aka usadzakasinthe chilichonse, mwana wanga. N'kamwayi."