Mawu a Bambo Kamtedza

M'zaka zimenezo nkhani za khonsolo zinkagamulidwa ndi makina oyeza phokoso. Mbali yokuwa kwambiri ndiyo inkapambana.

Bambo Kamtedza ankafuna kuti ndalama za misonkho zimangire bwalo lalikulu la mpira mumzinda, pamene akazi awo, Nasibeko, ankati zikonzere mipopi ya m'mudzi. Pofuna kusunga mawu, bamboyo anasiya kulankhula sabata yathunthu. Ankangomwa uchi ndi mandimu, ndipo akafuna mchere ankauloza ndi chala.

M'mawa wa tsiku lokakuwa, Nasibeko anagwada mwaulemu. "Bambo a Tiyese, mbuzi za a Gomani zalowa m'dimba mwanu muja."

Bamboyo analiyatsa liwiro. Anakalipira mbuzi, mwini mbuzi, mpaka makolo a mbuzizo. Pobwera kudimba, mawu onse anali atasasa.

Kumsonkhano anatsegula kukamwa kuti akuwire bwalo, koma makina anangoti kwadutsa kamphepo. Nasibeko ndi anzake analiza nthungululu mpaka agalu anathawa, ndipo mipopi inapambana.

Panjira bamboyo ananong'ona, "Kodi chitseko cha dimba anatsegula ndani?"

"Mwati bwanji, bambo?" anatero Nasibeko. "Takwezani mawu."