Kandege ka a Sharifu

"Ndani watsuka ndege yanga?" anakalipa a Sharifu.

Chidwalireni sitiroko, sankaloledwa kutuluka m'nyumba ku Benga. Mwana wawo Abasi anawagulira kandege kankhondo kapulasitiki kolumikiza okha, nalonjeza kuti akakamaliza adzawanyamula kukaona boti lawo kudooko. Miyezi itatu a Sharifu analumikiza zidutswa, kumata zizindikiro m'mapiko, kenaka kukapaka mwaye kuti kaoneke kotopa ndi nkhondo.

"Ndine, bambo," anayankha Habiba, mkazi wa Abasi. "Kanali bii ngati poto. Ndakakwecha ndi mchenga."

Utoto ndi zizindikiro zonse zinali zitachoka.

"Pepani. Mungoyambiranso, nthawi ilipo."

Atatuluka panja, Habiba ananong'oneza mwamuna wake: "Ndakupezerani miyezi ina itatu. Ikatha, mukawauze nokha kuti boti munagulitsa."