Usiku Umene Yudron Anasiya Kunjenjemera

Nsalu itamugwera pamsana, Yudron analuma mlomo kuti asakuwe. Inali itangovuulidwa mumtsuko umene madzi ake oundana anachita kuswa ndi mwala.

Unali usiku wa mwezi wathunthu, pakati pa nyengo yachisanu. Masisitere achibuda makumi anayi anakhala pabwalo atapinda miyendo, aliyense ali ndi kansalu ka m'chiuno ndi nsalu yonyowa pamapewa. M'mapiri a Nangchen mwambowu ndi wakale. Amene wadziwa kukoleza tumo, moto wa pansi pa mchombo, nsalu imaumira pathupi pake kusanache. Amene sanadziwe amamunyamula kupita naye kukhitchini mano akugwedezeka.

Yudron anali atanyamulidwa zaka khumi ndi chimodzi zotsatizana.

"Ani Yudron, tikusungirenitu malo pafupi ndi mbaula?" ananong'ona Lhakyi, mtsikana amene anaumitsa nsalu zitatu chaka chake choyamba. Ani ndi dzina laulemu loitanira sisitere kumeneko.

"Iwe yamba wapukuta mamina, aundana pamlomo," anayankha Yudron, nanyamula kachikopa kake kokhalira.

Masana a tsikulo, mphunzitsi wawo wokalamba, Ani Kunsel, anamuitanira kuchipinda kwawo ndi kumuthirira tiyi wa batala.

"Achemwali, mwakwanitsa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi ziwiri. Lero ndi komaliza. Zikakanika, muzikathandiza ophika. Nakonso n'kupembedza."

Yudron anamwa tiyiyo. Anakwera phiri lino chifuwa chitamulanda mwamuna ndi ana awiri m'chaka chimodzi. Ng'ombe zake zaubweya anagawira abale, tsitsi anameta. Kuphika anali ataphika kale zaka makumi awiri, ndipo onse amene ankawaphikirawo anapita.

N'chifukwa chake usiku uno anakakhala kumapeto kwenikweni, kuseri kwa mulu wa miyala ya mapemphero, kumene nyali ya olondera sinkafika kawirikawiri. Olonderawo ankadziwa wolephera pomva mano akugundana. Iye anapinda nsonga ya nsalu n'kuiluma.

Anakoka mpweya, naukanikizira pansi pa mchombo monga anaphunzirira. M'maganizo anafunafuna kalawi kofiira, kowonda ngati singano. Anakapeza, kenaka mphepo yochokera kuchigwa inamumenya m'nthiti, kalawi kaja n'kuzimiririka. Anayambanso. Zala zakumapazi zinawawa ngati zapondedwa ndi hatchi, kenaka zinangoti zii.

Patali ankaona misana ya atsikana ikufuka nthunzi pamwezi. Wake unkangozizirirabe.

Pakati pa usiku nyali inafika. Anali Tsomo, mnzake wogona naye chipinda chimodzi, amene chaka chino anali pa ulonda.

"Iwe Yudron, wadzabisala kuno? Ndakusaka bwalo lonse."

Yudron analavula nsonga ya nsalu. "Choka, ukundisokoneza."

"Usachite makani. Tiye m'nyumba, palibe amene akuseke."

"Onse aseka. Iwenso umaseka."

"Ine ndimaseka nkonono zako basi."

Tsomo anawerama kuti amugwire paphewa, koma pomwepo wina anaitana kumbali ina ya bwalo. Mtsikana wina anali atagwa chafufumimba. Tsomo anathamangira komweko, ndipo nyali inapita naye.

Yudron anatsala ndi mphepo. Anayesa kubwereza mawu a pemphero, koma ankasokonekera, oyamba kubwera pomaliza. Anayesa kuwerenga mpweya, nasochera asanafike pa khumi. Thupi lonse linkagwedezeka ngati si lake. Anadziona atakalamba pakati pa miphika yamwaye, akusonkhezera ndowe zouma kuti atsikana ngati Lhakyi apeze tiyi wotentha akamachokera pabwalo. Zaka khumi ndi ziwiri za kudzuka nkhuku zisanalire, za kugona chokhala m'kabokosi kamatabwa kopemphereramo, zinali zitapita pachabe. Anafuna kulira, koma misozi sinabwere.

Sanadziwe kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Anangozindikira kuti kunjenjemera kwatha.

Anamvetsera. Nsagwada zinali phee. Mphepo inkaombabe, koma inkangomudutsa. Mtima unakhala pansi mwa mtundu umene anali asanaumvepo chimwalirire ana ake.

Ndiye kutentha kunabwera. Kunayambira m'mimba, kunakwera pachifuwa, kunatsikira m'mikono mpaka kunsonga za zala. Nkhope inayaka ngati wayandikira ng'anjo. Zonse zinali monga Ani Kunsel ankanenera chaka ndi chaka, iye n'kumangogwedeza mutu osadziwa chimene akunena.

Anakhudza nsalu ija. Sinkadonthanso. Inali gwa, yopanda chinyezi.

Kutentha kunakula mpaka nsaluyo inayamba kumulemera. Anaikankha pamapewa ndi manja osamvera bwino, ndipo inagwera pambali. Anafuna kuitana Tsomo kuti abweretse ina yonyowa, koma lilime linali lolemera, komanso anaona kuti palibe chothamangira. Adzamupeza okha kukacha. Adzaona. Ani Kunsel adzamugwira mutu ndi manja awiri pamaso pa onse. Anatsinzina, akumwetulira.

Kutacha, lipenga la chigoba cha nkhono litalira, woyamba kuzungulira mulu wa miyala uja anali Lhakyi. Anaona Yudron atakhala tsonga, mapewa ali pamtunda, nkhope ili ndi chimwemwe, nsalu ili poteropo. Mtsikanayo anagwada pomwepo mwamanyazi.

"Bwerani mudzaone," anaitana. "Ani Yudron aumitsa nsalu. Mpaka achita kuvula."

Masisitere anathamangira kumeneko, ena atayamba kale nyimbo yoyamika. Tsomo anafika pambuyo, natola nsaluyo. Inaima yokha m'manja mwake ngati thabwa, madzi onse ataundana m'kati.

"Lekani kuimba," anatero motsitsa mawu. "Munthu akamafa ndi chisanu, pomaliza amamva kutentha. Bambo anga tinawapezanso chonchi, atamwalira, atavula."