Mphunzitsi amene anatuluka m'gulu la anzake

Panali munthu wina, mphunzitsi wa makompyuta pa sukulu ina ya sekondale, ndipo amene anafotokoza nkhaniyi akuti anagwira naye ntchito. Ana ankawatchula kuti a Sevani, chifukwa phunziro lililonse ankalitseka ndi mfuwu umodzimodzi: "Sevani ntchito yanu magetsi asanathime!" Ntchito ankaidziwa, zimenezo panalibe wotsutsa. Makompyuta makumi awiri a pasukulupo, ena oguluka mabatani, ankayakabe chifukwa cha manja awo. Vuto lawo linali limodzi: sankauzidwa.

Chaka china kunabwera madamu wachitsikana, wongochoka kumene ku koleji, kudzaphunzitsa makalasi a m'munsi. Iye anawalowetsa a Sevani m'gulu la pa foni momwe aphunzitsi a makompyuta a sukulu zosiyanasiyana ankauzana nkhani ndi kugawana manotsi. A Sevani sanathemo sabata.

"Foni ikungolira tsiku lonse ngati mwana wanjala," anatero. "Ine ndinayamba kuphunzitsa inu musanaone n'komwe kompyuta. Andiuza chiyani ana amenewa?"

Anatuluka.

Patapita miyezi iwiri, madamu anawapeza akumasula kompyuta ina m'chipinda chophunzitsira.

"Pepani bambo, kwabwera uthenga m'gulu muja. Silabasi yasintha. Mayeso a kalasi yomaliza chaka chino akhala ndi gawo lolemba mapulogalamu. Anzathu akumaphunzitsana Loweruka lililonse, mwaulere."

"Mphekesera za pa foni zimenezo. Chaka chilichonse amatero."

Madamu anabweranso ndi chikalata chosindikiza. A Sevani anangochiyang'ana pamwamba n'kunena kuti achiwerenga. Kachitatu anamuyankha pamaso pa aphunzitsi onse: "Mayi, samalani makalasi anu. Akuluakuluwa ndisiyireni ine." Anthu anaseka.

Choonadi chinali chakuti a Sevani kulemba mapulogalamu sankakudziwa bwino. Anakuphunzira kalekale, n'kuiwala. Kukakhala pa benchi Loweruka, kuphunzitsidwa ndi ana a dzulodzulo, anaona ngati n'kudzivula. Anapitiriza ndi manotsi awo akale.

M'kalasi yomalizayo munali ana makumi anayi ndi awiri. Mmodzi anali mwana wa mlongo wawo, mtsikana wanzeru amene ankakhala pakhomo pawo ndipo ankafuna kukaphunzira za makompyuta ku yunivesite.

Tsiku la mayeso a Sevani anayima panja, manja m'thumba, akumwetulira. Ana anayamba kutuluka. Mtsikana uja anafika pafupi, maso ali ofiira.

"Amalume, mafunso atatu aakulu aja sitinawaonepo chiyambire. Tinangokhala, kuyang'anizana ndi kompyuta."

Zotsatira zitatuluka, anakhoza ana asanu ndi anayi okha. Mtsikanayo sanali m'gulu la okhozawo.

A hedi anaitanitsa msonkhano wa makolo. Holo inadzaza, ena anayima m'mawindo. A Sevani anadzuka, nakonza tayi.

"Makolo, ifenso tadabwa. Olemba mayeso anasintha zinthu mwakachetechete. Palibe amene anatidziwitsa."

Bambo wina wokonza njinga anakweza dzanja kumbuyo.

"Ine sukulu sindinapite nayo patali, mundikhululukire. Koma mng'ono wanga amaphunzitsa pa sukulu ya kuseri kwa msikayi. Ali ndi makompyuta anayi okha, koma ana ake akhoza pafupifupi onse. Akuti uthenga unabwera kalekale m'gulu la aphunzitsi. Ndiye kuno foni sizigwira?"

Holo yonse inachita phokoso. A hedi anatembenukira kwa madamu.

"Madamu, inu munamvapo za uthenga umenewu?"

Madamu anaweramitsa mutu, n'kumapinda m'mphepete mwa kope lake. Sanayankhe. Anafunsidwanso, osayankhabe. A Sevani anaona kuti madamu, mwana amene anamuchititsa manyazi pagulu uja, akuwabisa. Pa mzere wachitatu panali mlongo wawo, akuwayang'ana osaphethira.

A Sevani anadzukanso.

"Musamuvutitse. Anandiuza katatu. Ndinakana ndine, chifukwa gawolo sindilidziwa, ndipo ndinachita manyazi kufunsa."

M'holomo palibe anawatukwana. Makolo anayamba kutuluka mmodzimmodzi, osawapatsa moni.

Madzulo ake mlongo wawo anabwera kudzalongedza katundu wa mwana wake.

"Achimwene, ndinakupatsani mwanayu ndili ndi mtima m'malo, ndimati ali m'manja mwa mphunzitsi. Mukanangonena kuti zandikanika, bwenzi titamupezera wina womuthandiza. Chaka chonse mukudya naye mbale imodzi, mukudziwa, osanena?"

A Sevani ananyamula chikwama cha mtsikanayo mpaka pamsewu.

Lolemba anapita kwa madamu, chipewa chili m'manja, kukapempha kuti awabwezere m'gulu. Uthenga wawo woyamba unali waufupi: "Ndine mphunzitsi wakale. Sindidziwa kuphunzitsa mapulogalamu. Ndithandizeni." Ola lisanathe, manotsi anali atabwera kuchokera kwa anthu amene sanawaonepo. Panalibe wowaseka, ndipo akuti zimenezo n'zimene zinawaliza.

Mtsikana uja anakabwereza kalasi ku sukulu ya makompyuta anayi ija, ndipo anakhoza. Mpaka lero akakumana ndi amalume ake amawapatsa moni mwaulemu wonse, n'kuwafunsa za thanzi lawo ndi za azakhali. Za sukulu sakambirana.

Phunziro: Safunsa anadya phula, koma mphunzitsi akapanda kufunsa, phulalo amadya ndi ana a eni. Kunena kuti "sindikudziwa" ndi manyazi a tsiku limodzi. Kubisa kumaonongera ena chaka chathunthu. Tumizani nkhaniyi kwa mphunzitsi aliyense amene mukumudziwa, makamaka uja amati zonse anazitha kale.